ZITHUNZI NDI KANEMA PA MAPIRI A LICHINGA

Munthu akalandira buku la chikumbutso ngati lino, kawirikawiri sayamba ndi kuwerenga. Amatsegula masamba mofulumira kufunafuna zithunzi, ndipo akapeza chithunzi chakale amachiyandikitsa kumaso kuti aone ngati pakati pa anthu oimirira pakhomo pa tchalitchi pali agogo ake. Nthawi zambiri mawu olembedwa pansi pa chithunzi chotere amatchula wansembe wokhala pa mpando wapakati, malo ndi chaka, kenaka n'kungowonjeza kuti wansembeyo ali pamodzi ndi akhristu. Akhristuwo angakhale 40, koma dzina lawo silipezeka ngakhale limodzi. Nkhani ino ikulongosola m'mene chithunzi, choima ndi choyenda chomwe, chinafikira ku dziko lokwera la Lichinga ndi Chimbonila, amene ankagwira makina ojambulira, ndi chimene chinachititsa kuti mayina a anthu atsalire m'mbuyo pamene nkhope zawo zinali kuwoloka nyanja.

Dera la Chimbonila lili pamwamba pa mapiri a kum'mawa kwa Nyanja ya Niassa, imene a tsidya lina amaitcha Nyanja ya Malawi. Mzinda wa Lichinga uli pa msinkhu woposa mamita 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, n'chifukwa chake m'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu ndi chisanu zimakuta midzi, ndipo nyemba ndi mbatata ya kachewere zimabereka bwino. Anthu ambiri a kuno ndi Ayao, ochuluka mwa iwo Asilamu. Anyanja ali cha kunyanja, ku Meponda, Metangula ndi Cóbuè, ndipo ena anakwera kumtunda chifukwa cha sukulu, ntchito kapena nkhondo. Mpaka chaka cha 2013 dera lino linali mbali ya boma la Lichinga, ndipo m'chaka chimenecho Chimbonila inakhala boma payokha.

Makolo olankhula Chinyanja ataona nkhope ya munthu pa pepala sanavutike kufuna mawu achilendo. Anangoti ndi chithunzi, mawu a banja limodzi ndi mthunzi wa mtengo ndi chithunzithunzi chimene chimatsata munthu padzuwa. Mawuwo anasankhidwa mwanzeru, pakuti chithunzi cha makina chimapangidwadi ndi kuwala ndi mdima. Ndiponso akufotokoza chifukwa chake akuluakulu ena ankazengereza kuima patsogolo pa bokosi la mlendo, poti chithunzithunzi cha munthu si chinthu chopereka kwa aliyense wodutsa m'njira.

Oyamba kubwera ndi makina

Luso lojambula ndi kuwala linalengezedwa ku Paris m'chaka cha 1839, ndipo pasanathe zaka 20 linali litafika kale pa mtsinje wa Zambezi. John Kirk, dokotala wa ku Scotland wodziwanso za zomera, amene anayenda ndi David Livingstone kuyambira 1858 mpaka 1863, anali ndi bokosi lojambulira ndi mapepala opaka phula ndi mankhwala. Mapepalawo ankafuna kuti chojambulidwa chikhale chosagwedezeka kwa nthawi ndithu, motero zambiri zimene Kirk anasiya ndi milambe, nyumba za ku Tete ndi ngalawa zokocheza pagombe. Anthu analipo, ochuluka ndithu, koma munthu wamoyo amaphethira ndi kutembenuka, ndipo makina a masiku amenewo sankatha kumugwira bwino.

Livingstone mwini wake ankadziwa mphamvu ya chithunzi. Pa ulendo wake wa m'mbuyo ananyamula nyali yoonetsera zithunzi, imene Apwitikizi amaitcha lanterna mágica: bokosi lokhala ndi nyale mkati, galasi lokuza patsogolo, ndi timagalasi tojambulidwa timene ankatilowetsa pakati kuti chithunzi chigwe pa nsalu yoyera. Mu Januwale 1854, kwa mfumu Shinte ya Alunda, kumtunda kwa Zambezi, anaonetsa chithunzi cha Abrahamu atakweza mpeni pa mwana wake Isaki. Pamene ankasuntha galasilo, amayi anaona ngati mpeni ukubwera kwa iwo, ndipo anathawa mopondana; mfumu yokha ndiyo inakhala osatekeseka, n'kupempha kuti ione bwino makinawo. Nkhaniyi imasimbidwa moseketsa, koma amayi aja sanapuse ayi: munthu amene akuona koyamba mpeni waukulu ngati nkhafi ukuyenda mumdima ali ndi chifukwa chabwino chodzisungira moyo.

Mu Julayi 1866 Livingstone anafika ku Mwembe, mudzi waukulu wa mfumu Mataka, kumpoto chakum'mawa kwa mapiri ano. Analemba kuti unali ndi nyumba pafupifupi 1,000, minda yothirira ndi ng'ombe. Pa ulendowo panalibe wojambula, motero mzinda wa Ayao umene unali waukulu koposa m'dziko lonse lino unasungidwa ndi cholembera chokha. Koma pakati pa anyamata a Livingstone panali Myao wina, James Chuma, amene anamasulidwa m'goli la ukapolo mu 1861 akadali mwana. Iyeyu ndi mnzake Abdullah Susi ndiwo anatsogolera onyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo mpaka ku Bagamoyo, ndipo mu 1874 anapita ku Britain kumene anajambulidwa pa Newstead Abbey ali pamodzi ndi ana a malemuyo, mabuku ndi mapu zili patebulo. Chuma ndi mmodzi mwa Ayao oyamba amene nkhope ndi dzina lake zinasungidwa pamodzi. Ndipo kuti zitero, anayenera kunyamula maliro a mzungu miyezi yambiri ndi kuwoloka nyanja yamchere.

Ngamila za Niassa

Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 dziko lonse la pakati pa Rovuma ndi Lúrio linaperekedwa kwa kampani yamalonda, Companhia do Niassa, imene inalilamulira mpaka mu Okutobala 1929. Kampaniyo inagonjetsa Mwembe mu 1912, ndipo chuma chake chinkachokera makamaka ku msonkho wa nyumba ndi kutumiza amuna kukagwira ntchito kunja. Inali ndi gwero linanso la ndalama limene anthu a m'midzi sankalidziwa: masitampa. Masitampa ake a chaka cha 1901, osindikizidwa ku London ndi kampani ya Waterlow, anali okongola kwambiri, ndipo osonkhanitsa masitampa a ku Ulaya ankawalimbirana. Pangodya panali nkhope ya mfumu Carlos ya ku Portugal, ndipo pakati panali nyamalikiti kapena ngamila ziwiri. Mlimi wa ku Chimbonila akanadabwa kumva kuti dziko lake limadziwika ku Paris ndi ku Berlin ngati dziko la ngamila, nyama imene iye sanaionepo ngakhale phazi lake.

M'chaka chomwe kampaniyo inachoka, 1929, wamalonda wina wa ku Lourenço Marques, José dos Santos Rufino, anatulutsa mabuku 10 a zithunzi za Mozambique, osindikizidwa ku Hamburg. Muli misewu, madoko, njanji, nyumba za boma ndi minda ya makampani, zonse zoonetsa kuti Portugal ikugwira ntchito. Eni dziko anawapatsa buku lotsiriza, limene anagawana ndi nyama zakutchire. M'menemo munthu amaimira mtundu wake, kavalidwe kake kapena mphini zake. Dzina lake linalibe ntchito kwa wogula bukulo.

Amishoni ndi mabuku awo awiri

Amishoni ndiwo anakhala pafupi ndi anthu nthawi yaitali, ndipo ndiwo anajambula kwambiri. A mpingo wa Anglican a bungwe la UMCA anakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885, nafalikira m'mbali mwa nyanja mpaka ku Messumba, ndiponso anakwera ku Unango kumene wansembe wachiyao Yohanna Abdallah anatumikira zaka zambiri ndi kulemba mbiri ya Ayao yosindikizidwa mu 1919. Akatolika anafika pambuyo: amishoni a Consolata, bungwe limene Giuseppe Allamano anayambitsa ku Torino mu 1901, analowa m'Niassa mu 1926 cha ku Mandimba, ndipo mu 1928 Bambo Pietro Calandri anatsegula mishoni ya Massangulo, kum'mwera kwa mapiri ano. Bambo Calandri anali munthu wa luso la zojambulajambula, ndipo anakhala pakati pa Ayao mpaka imfa yake mu 1967.

Mabungwe onse a amishoni anali ndi magazini kwawo ku Ulaya. A Anglican anali ndi Central Africa, a ku Torino anali ndi Missioni Consolata. Magazini ameneyu ndiye ankabweretsa ndalama zomangira sukulu ndi zipatala, pakuti mayi wamasiye wa ku Piemonte sakanapereka ndalama yake kwa anthu amene sanawaonepo. Tsono zithunzi zinkatumizidwa: ana amasiye atandandalika pamzere, anyamata akupala matabwa, asisiteri akutsuka zilonda, njerwa zikuwotchedwa, tchalitchi chikukwera. Sikungakhale chilungamo kunyoza ntchito imeneyi, chifukwa popanda iyo nkhope za mibadwo iwiri kapena itatu zikanatayika kotheratu. Komabe chithunzicho chinkajambulidwira munthu wakutali, ndipo kwa iye kunali kokwanira kudziwa kuti awa ndi ophunzira katekisimu. Wojambulidwayo nthawi zambiri sankachiona n'komwe chithunzi chake chitatsukidwa.

Chodabwitsa n'chakuti ansembe omwewo anali osamala kwambiri ndi mayina. M'buku la ubatizo ankalemba dzina la mwana, la bambo ndi mayi, la omuimira, mudzi, tsiku ndi saini ya wobatiza, pakuti lamulo la Mpingo silinkalola kuphonya. Motero mishoni iliyonse inasiya mabuku awiri osakumana: lina la mayina opanda nkhope, losungidwa m'kabati ya ofesi ya parishi, ndi lina la nkhope zopanda mayina, limene mbali yake yaikulu ili m'mabokosi a nyumba za mabungwewo ku Italy, ku Portugal ndi ku England.

Chithunzi cha mchona

Anthu oyamba a kuno kujambulitsa mwa kufuna kwawo, ndi ndalama zawo, anali amuna opita kunja. Msonkho, thangata la boma lotchedwa chibalo ndi ulimi wokakamiza wa thonje zinathamangitsa ambiri: ena ku minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo, ena ku minda ya khonje ya ku Tanganyika, ena ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni. M'makomboni a m'mizinda imeneyo munali timanyumba ta ojambula, tokhala ndi nsalu yojambulidwa maluwa kapena nyumba yosanja. Munthu ankavala jekete, lake kapena lobwereka, n'kuika dzanja pa mpando, wotchi ikuoneka bwino. Wina ankaimika njinga patsogolo, wina galamafoni pambali. Sankaseka, chifukwa kujambulitsa inali nkhani yaulemu, monga kuonekera pabwalo la mfumu.

Chithunzi chotere chikafika kumudzi m'kalata chinali ndi ntchito yake yeniyeni. Chinkauza mkazi ndi apongozi kuti mwamuna ali moyo, ali bwino ndipo sanaiwale. Mwina chinkanama pang'ono za chumacho, koma chinali bodza limene munthu wadzisankhira yekha, ndipo kumbuyo kwake kunkalembedwa dzina. Mabanja ena amene bambo wawo anachona osabweranso anatsala ndi kapepala kameneka basi, kosungidwa m'sutikesi ya malata kapena pakati pa masamba a buku la mapemphero.

Amuna omwewo ndiwo anabweretsa mbiri ya kanema. M'migodi ya ku Rhodesia ndi South Africa makampani ankaonetsa mafilimu pabwalo usiku kuti antchito asapite ku mowa ndi ku misonkhano, ndipo okondedwa koposa anali a anyamata oweta ng'ombe a ku America, okwera akavalo ndi kuwomberana mfuti. Ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia ngwazi ya filimu iliyonse yotere inkangotchedwa Jack, kaya dzina lake lenileni ndi lotani.

Vila Cabral ndi nkhondo yoyamba

Mzinda wa Vila Cabral, umene lero ndi Lichinga, unakhazikitsidwa mu 1931 kuti ukhale likulu la Niassa, nulandira ulemu wa mzinda mu 1962. Chaka chotsatira, 1963, Papa anakhazikitsa dayosizi ya Vila Cabral, imene episkopi wake woyamba anali Ambuye Eurico Dias Nogueira. Mzindawo unadzakhala ndi nyumba yake ya kanema yotchedwa ABC. Koma mlimi wochokera ku Chimbonila kudzagulitsa nyemba anali ndi zipupa zingapo pakati pa iye ndi nsalu yoyerayo. Choyamba chinali mtengo wa tikiti ndi tsankho la masiku amenewo. China chinali chilankhulo: lamulo la ku Portugal la chaka cha 1948 linaletsa kuika mawu olankhulidwa a Chipwitikizi pa mafilimu akunja, motero ankabwera ndi mawu olembedwa pansi, othamanga, ofuna munthu wodziwa kuwerenga msanga, pamene ambiri sanapondeko m'kalasi.

Zinali zaka zimene dziko lapansi linatengeka ndi nkhani za kumwamba. Mu 1968 Stanley Kubrick anatulutsa filimu yake ya ulendo wa ku nyenyezi, 2001: A Space Odyssey, m'mene zombo zamumlengalenga zimazungulira motsatira nyimbo ya Johann Strauss, ndipo mu Julayi 1969 anthu anapondadi pa mwezi, mamiliyoni akuonerera pa wailesi ya kanema. M'Mozambique monse munalibe wailesi ya kanema, ndipo amene anamva nkhaniyi anaimva ndi makutu okha. Kwa anthu a mapiri ano makina odabwitsa a chaka chimenecho anali ena: sitima ya pamtunda yochokera ku Nova Freixo, lero Cuamba, imene njanji yake inafika ku Vila Cabral mu 1969 momwemo.

Nthawi imeneyo nkhondo inali itayaka kale. Inayamba mu Sepitembala 1964, ndipo Niassa inali imodzi mwa zigawo ziwiri zimene inakula msanga. Asilikali zikwizikwi a ku Portugal anadutsa m'Vila Cabral, ambiri ali ndi kamera yotsika mtengo, ndipo ankatumiza zithunzi kwa amayi ndi zibwenzi zawo. N'chifukwa chake lero misewu ya mzindawo ya m'zaka za m'ma 1960, msika, bwalo la ndege ndi ana a m'midzi yozungulira zimapezeka kwambiri m'mabuku a zithunzi a nkhalamba za ku Minho ndi ku Alentejo kusiyana ndi m'nyumba za Lichinga. Ankhondowo anali ndi nthambi yokopa mitima ya anthu, imene inkagawa mankhwala, timapepala ta zithunzi, ndipo nthawi zina inkaonetsa kanema m'midzi yokakamiza yotchedwa aldeamentos. Kwa ambiri kanema woyamba anabwera chomwecho, pa galimoto ya asilikali, m'mudzi wozingidwa ndi waya.

A FRELIMO nawonso ankadziwa kuti nkhondo imamenyedwanso ndi chithunzi. Apwitikizi ankakana kuti pali madera omasulidwa, tsono kunali kofunika kuwaonetsa. Mayi wina wa ku Britain, Margaret Dickinson, analowa m'tchire la Niassa ndi ankhondowo kuchokera ku Tanzania, najambula sukulu za pansi pa mitengo, minda ndi amayi onyamula katundu pamutu. Filimu yake, Behind the Lines, inatuluka mu 1971 ndipo inaonetsedwa m'maiko ambiri. Inathandiza ndithu, koma nayonso inajambulidwira maso akutali.

Kuxa Kanema

Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, boma la Samora Machel linaika kanema pakati pa zida zake zoyamba. Linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema, ndipo bungweli linayamba kutulutsa nkhani zoonetsa pa nsalu zotchedwa Kuxa Kanema, kutanthauza kubadwa kwa kanema. Wolankhula Chinyanja sasowa womasulira pa dzinali, pakuti akumvamo kucha kwa m'mawa ndi kanema yemweyo. Kuyambira 1981 nkhanizi zinkatuluka mlungu uliwonse, za mphindi 10, zakuda ndi zoyera. Pofuna kufika kumene kulibe nyumba za kanema, bungwelo linali ndi magalimoto onyamula injini ya magetsi, makina oonetsera ndi nsalu. Dzuwa likalowa nsaluyo inkamangidwa pakati pa mitengo iwiri, ana patsogolo, amayi ndi makanda pambali, akuluakulu kumbuyo atafunda mabulangete; ndipo poti mawu anali a Chipwitikizi, pankafunika wina womasulira mokweza. Tsopano pa nsalu panali anthu akuda, olima, omanga ndi oguba, ndipo ichi chinali chatsopano chosati n'kuchipeputsa.

Panali maganizo opita patsogolo kuposa apa. Mu 1978 akatswiri awiri a ku France anabwera ku Maputo. Jean Rouch anaphunzitsa achinyamata kujambula ndi timakamera tating'ono ta Super 8, kuti chojambulidwa m'mawa chionetsedwe madzulo kwa eni ake omwe. Jean-Luc Godard, amene anaitanidwa kudzalangiza za wailesi ya kanema, anafuna kuti makina a vidiyo aperekedwe kwa anthu a m'midzi adzijambule okha. Boma silinautenge upangiri umenewu. Linkafuna kuti anthu adzione, koma adzione monga m'mene chipani chinkawaonera.

Niassa inalipira mtengo wa kaonedwe kameneko. Pa nsalu inkaoneka ngati dziko la m'tsogolo, la nthaka yachonde yodikira manja. M'nkhalango zake munali misasa yotchedwa yophunzitsanso anthu. Ku M'telela, cha ku Majune, kunasungidwa otsutsana ndi FRELIMO monga Uria Simango, Joana Simeão ndi wansembe Mateus Gwenjere, amene pambuyo pake anaphedwa. Ndipo mu 1983, pa ntchito yotchedwa Operação Produção, anthu zikwi zambiri ogwidwa m'misewu ya Maputo ndi Beira chifukwa chosowa zikalata za ntchito anatsitsidwa pa bwalo la ndege la Lichinga opanda chofunda cha chisanu cha kuno. Ena anafera konkuno, ena anakwatira n'kukhazikika. Masautso awo magalimoto a kanema sankawaonetsa. Chimene chinatsala ndi chithunzi chimodzi cha Ricardo Rangel, wojambula wamkulu wa Mozambique, choonetsa asilikali awiri akuperekeza mkazi wogwidwa mumsewu wa Lourenço Marques m'masiku a kusintha kwa boma. Chithunzicho chinavutitsa mtima wa Licínio Azevedo kwa zaka zambiri, mpaka anafunafuna amayi opulumuka ku misasa ija namva nkhani zawo. M'menemo munachokera filimu yake Virgem Margarida ya chaka cha 2012.

Nkhondo yachiwiri ndi khadi la chisankho

Nkhondo ya pakati pa boma ndi RENAMO inatseka misewu, ndipo magalimoto a kanema anaima. Njanji inawonongeka, Lichinga inakhala ngati chilumba chofikiridwa ndi ndege, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi a Mozambique anathawira ku Malawi, a kuno ambiri ku Mangochi ndi Machinga, ena ku Tanzania. Munthu wothawa usiku amanyamula mwana, mphika ndi khasu. Zithunzi zochepa za ukwati, za Ukalistiya woyamba ndi za machona zinapsa ndi madenga a udzu, zina zinadyedwa ndi chiswe m'nyumba zosiyidwa. Ku Maputo nako, mu 1991, moto unagwira nyumba ya Instituto Nacional de Cinema, ngakhale mbali ina ya mafilimu ake inapulumuka.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves, arkiepiskopi wa Beira. Pobwerera kwawo othawa nkhondo anakumananso ndi kamera ya mlendo: Sebastião Salgado wa ku Brazil anajambula mu 1994 obwerera a kum'mwera, cha ku Mutarara, ndipo zithunzi zake zokongola ndi zomvetsa chisoni zinazungulira dziko lapansi. Koma m'chaka chomwecho munachitika chinthu chachikulu koposa chimene sichitchulidwa m'mabuku a luso la zithunzi. Pokonzekera chisankho choyamba cha zipani zambiri, cha mu Okutobala 1994, magulu a kalembera anayenda mudzi ndi mudzi ali ndi kamera, ndipo anthu oposa 6 miliyoni analandira khadi lokhala ndi chithunzi. Kwa amayi ambiri okalamba a m'midzi chimenechi chinali chithunzi chawo choyamba. Nkhope ndi dzina zinali pa pepala limodzi, ndipo pepalalo linatsala m'manja mwa mwini wake. Khadilo linkagwira ntchito ngati chitupa pa zinthu zambiri, ndipo m'mabanja ena ndi lomwe likusonyeza lero m'mene agogo ankaonekera.

Zotsatira zinathamanga. Pa misika panabuka timanyumba ta vidiyo, totchinga ndi mphasa kapena matumba, toyendera injini ya petulo, m'mene ana ankalipira kandalama kuti aone nkhonya za Bruce Lee, magule a ku India, ndipo pambuyo pake mafilimu a ku Nigeria ndi Tanzania. Ojambula oyenda panjinga anayamba kufika pa maukwati ndi maubatizo. Filimu inkatumizidwa kumzinda kukatsukidwa, ndipo banja linkadikira milungu, nthawi zina n'kumva kuti yapsa. Magetsi a Cahora Bassa anafika ku Lichinga m'zaka za m'ma 2000, kampani ya Movitel inayamba mu 2012 n'kufikitsa mafoni m'midzi yakutali, ndipo sitima ya ku Cuamba inayambanso kuyenda mu 2016.

Lero pa Misa ya chikondwerero mafoni okwezedwa m'mwamba amachuluka, ndipo wojambula ndi mwana wa m'mudzi momwemo; chimene Godard anapempha mu 1978 chachitika popanda lamulo la boma. Mwana mmodzi wobatizidwa chaka chino ali ndi zithunzi zambiri kuposa mudzi wonse wa agogo ake. Zochepa zokha ndizo zimasindikizidwa pa pepala. Zambiri zimakhala m'kakhadi kosaposa chikhadabo, ndipo foni ikagwa m'madzi, ikabedwa kapena ikagulitsidwa pa nthawi ya njala, zimapita nayo limodzi. Pamene chithunzi cha Chuma, chojambulidwa mu 1874, chikuonekabe bwinobwino.

Mabuku awiri a amishoni aja akadali osakumana. Zithunzi za m'mabokosi a ku Ulaya zayamba kuikidwa pa intaneti, ndipo asilikali akale a ku Portugal nawo akutulutsa zawo, kotero kuti mnyamata wa ku Chimbonila angathe kuona pa foni yake ana oimirira pamzere m'chaka cha 1966. Buku la ubatizo lingamuuze mayina a ana a msinkhu umenewo, koma silingamuuze kuti wachitatu kuchokera kumanzere ndi uti. Odziwa zimenezo ndi amene anaima pamzerewo kapena pafupi nawo, ndipo amene anali ndi zaka 10 pamene nkhondo inkayamba mu 1964 tsopano apitirira zaka 70.